Tisanagule nangula wa boti lathu, imvani kaye izi

Awa ndi mawu amene ndinalankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Alembi anandipempha kuti ndiwalembe bwinobwino kuti inu amene simunabwere muwerenge tisanavote.

Ambiri mukundidziwa kale, koma kwa atsopanonu, ine ndinalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha. Podikira zotsatira ndinapeza ganyu pa boti la thanga lonyamula alendo ku Cape Maclear, ndipo ndinakhala pamenepo miyezi isanu ndi iwiri. Panopa ndikubwereza masamu kusukulu ya masana, chifukwa mtima wanga uli pokalowa ku Marine Training College ku Monkey Bay. Sindine kaputeni ayi. Ndine amene ndinkakoka chingwe, kukwecha pansi ndi kutsuka mbale. Koma wokoka chingweyo ndi amene amamudziwa nangula ndi manja ake.

Nkhani mukuidziwa. Boti limene tinapatsidwa lija, la mamita 8, talimata, thanga talisoka, tsopano likuyandama. Ndalama zimene tinapeza potsuka magalimoto ndi kugulitsa mandasi zatsalako pang'ono. Ena mukuti tigule penti boti liwale, ena mukuti sipika ya paulendo. Ine ndikuti tigule nangula, tcheni ndi chingwe. Panopa tili ndi mwala womangidwa ku chingwe cha buluu, ndipo tikufuna kukagona panyanja ndi anthu asanu ndi mmodzi, ena mwa iwo ana a Fomu 1. Ndiloleni ndiyambe ndi manyazi anga.

Usiku umene ndinanama

Unali mwezi wa Novembala, kukutentha koopsa. Tinatenga alendo anayi kukagona pafupi ndi chilumba cha Domwe. Madzulo nyanja inali bata ngati madzi a m'beseni. Akaputeni anayeza madzi, anapeza mamita 6. Anati, "Iwe, tulutsa mpaka pa kansalu kachisanu." Chingwe chathu chinali ndi tinsalu pa mamita 10 aliwonse, ndiye kachisanu ndi mamita 50.

Boti lija linalibe makina okokera nangula. Zonse ndi msana. Ndinaganiza za mawa m'mawa, kukoka mamita 50 ndekha, manja ali ndi matuza kale. Ndinayang'ana kumwamba, kulibe ndi kamtambo komwe. Ndinatulutsa mpaka kansalu kachiwiri, n'kumanga. Atafunsa kuti "Watha?" ndinati "Eee, ndatha madala."

Cha m'ma 1 koloko usiku mphepo inatembenuka, n'kuyamba kuchokera kumpoto, mphezi zili ng'aning'ani. Ine ndinali mtulo. Chinadzutsa akaputeni si bingu ayi, anati anamva mafunde akumenya boti m'nthiti. Boti logwidwa bwino ndi nangula limaloza mphuno kumene kukuchokera mphepo. Likayamba kugona chopingasa, dziwani kuti nangula wazuka, akungokwekwereka pansi. Tochi itawala tinaona matanthwe ali pafupi moti munthu ukhoza kuponyapo mwala. Mayi mmodzi mwa alendowo anangokumbatira mwana wake osalankhula kanthu.

Akaputeni anathamangira kutsogolo n'kuponya nangula wachiwiri, amene ankakhala womangiratu ku chingwe chake nthawi zonse. Anamutayira chingwe chonse. Boti linagwedezeka, n'kutembenuka, n'kuima. Chiwongolero chinali chitagunda kale mwala, chinang'aluka. Palibe anavulala.

Kutacha anakoka okha chingwe choyamba chija, akuwerenga tinsalu mokweza. "Kamodzi. Kawiri." Basi. Sanandikalipire. Anangoti, "Mphwanga, nyanja sinamizidwa." Ndalama yokonzera chiwongolero anandidula pa malipiro miyezi iwiri, ndipo sindinadandaule. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa chilichonse chokhudza nangula, paja safunsa anadya phula. Zimene ndikuuzeni apazi ndi zimene ndinaphunzira kwa iwo, ndi zina zimene ndinawerenga pafoni.

Nangula amagwira bwanji?

Ambiri timaganiza kuti nangula amagwira chifukwa cholemera. N'chifukwa chake timakhulupirira mwala. Koma taganizani: boti lathu limalemera matani awiri kapena kuposerapo, nangula wake makilogalamu 10 okha. Kulemera kokha sikungaimitse boti. Nangula weniweni amagwira chifukwa amakumba n'kudzikwirira mumchenga kapena m'matope.

Tonse tinagwirapo khasu. Mukalilowetsa m'nthaka n'kukoka mpini motsitsa, chakwa inu, limalowererabe. Mukatukula mpini m'mwamba, limazuka ndi dothi lake. Nangula ndi chimodzimodzi. Akakokedwa chogona, motsata pansi, amalowa kwambiri. Akakokedwa choimirira, amazuka. Ndipo anamupanga dala choncho, kuti m'mawa tikafika pamwamba pake penipeni tithe kumuzula. Ine usiku uja, ndi chingwe changa chachifupi, ndinali nditamuzula kale theka mphepo isanabwere.

China choti musaiwale ndi ichi: mphepo ikawirikiza kawiri liwiro lake, mphamvu imene imakankha nayo boti imawirikiza kanayi. A physics mukukumbukira. Ndiye nangula amene wagwira bwino madzulo kuli kamphepo kayaziyazi sakukuuzani chilichonse za zimene adzachite pakati pa usiku.

Za mwala wathu uja, sindikunyoza makolo athu. Asodzi a bwato akhala akugwiritsa ntchito mwala kuyambira kalekale, ndipo umawathandiza. Koma bwato ndi lopepuka, lilibe mlongoti wogwira mphepo, mwini wake ali maso, ndipo zinthu zikavuta amapalasa n'kulikokera kumtunda. Boti lathu lili ndi chitsulo cholemera kumimba, simungalikokere pamchenga. Ife tikagona, moyo wathu wonse uli pa chimene chili pansipo.

Mitundu ya anangula

Ilipo yambiri, koma nditchula imene tingakumane nayo.

Woyamba ndi wa ngowe, amene amisiri athu owotcherera amapanga ndi zitsulo zomangira nyumba. Ali ndi zala zinayi kapena zisanu zopindika. Pamiyala amakola bwino, ndipo akakanirira mukhoza kukoka mwamphamvu chala n'kuwongoka, iye n'kutuluka. Koma pamchenga amangokanda ngati nkhuku, chifukwa zala zake ndi zowonda. Ndi wotchipa, ndi wabwino poima pang'ono masana. Wogonera ayi.

Wachiwiri ndi wa zipsepse ziwiri zafulati, amene amatchedwa Danforth, potengera dzina la Richard Danforth wa ku America. Anatchuka m'zaka za m'ma 1940, nthawi ya nkhondo yachiwiri, pa maboti otsitsa asilikali pagombe. Ndi wopepuka, amagona bwino m'boti osadya malo, ndipo pamchenga ndi m'matope amagwira modabwitsa poyerekeza ndi kulemera kwake. Ndi ameneyu anatipulumutsa usiku uja. Vuto lake ndi ili: mphepo ikatembenuka boti n'kuzungulira, akhoza kuzuka, ndipo kamwala kapena udzu zikalowa pakati pa zipsepse zake sakumbanso. Pa udzu wa m'madzi amangotsetsereka pamwamba.

Wachitatu ndi wooneka ngati pulawo ya ng'ombe. Wodziwika kwambiri ndi CQR, amene anapangidwa m'ma 1930 ndi katswiri wa sayansi wa ku Cambridge, Geoffrey Taylor. Palinso mbale wake wotchedwa Delta, amene alibe cholumikizira chogwedera. Awa ubwino wawo ndi woti boti likazungulira amatha kutembenuka ali pansi pomwepo, kapena kukumbanso mwachangu. Pa matope ofewa kwambiri amalima ngati pulawo yeniyeni, kumangoyenda pang'onopang'ono.

Wachinayi ndi wonga chikhatho cha zala zitatu, wotchedwa Bruce. Anamupanga Peter Bruce m'ma 1970, ndipo akuluakulu ake ankagwiritsidwa ntchito pa zimakina zokumba mafuta m'nyanja ya North Sea. Amakola msanga, sachedwa kukumbanso mphepo ikasintha, ndipo alibe choti chingathyoke. Koma amadya malo, ndiponso pa udzu amavutika.

Pomaliza pali amakono, monga Rocna wa ku New Zealand, amene ali ndi msonga yakuthwa ndi chitsulo chozungulira pamwamba chomutembenuza kuti agwe bwino nthawi zonse. Amene amayenda maulendo ataliatali panyanja zamchere amawatama kwambiri. Mtengo wake, anzanga, tingatsuke magalimoto mpaka kukalamba. Tingowadziwa.

Mwaona kuti palibe nangula wopambana paliponse. Funso loyamba si lakuti "wabwino ndi uti", koma "pansi pamene tikukagona pali chiyani?" Kuno kummwera kwa nyanja, magombe ambiri ndi a mchenga, kufupi ndi zilumba kuli matanthwe, ndipo kumene kumathira mitsinje kuli matope ndi udzu. Choncho boti logona kunja liyenera kukhala ndi anangula awiri osiyana mtundu. Mmodzi akakana, mnzake avomera.

Za kukula kwake, opanga anangula amalemba tebulo losonyeza kutalika kwa boti ndi nangula woyenera. Kwa boti la mamita 8 ngati lathu, wa pulawo kapena wa chikhatho wa makilogalamu 10 ndi wokwanira. Mukakayika pakati pa awiri, tengani wamkuluyo. Palibe amene anadzukapo usiku wa namondwe n'kudandaula kuti nangula wake wakula.

Chenjezo limodzi. Wina anena kuti tingojambula chithunzi n'kupita nacho kwa owotcherera. Wa ngowe, inde. Koma enawa chinsinsi chawo chili pa kapendekedwe ka msonga ndi kulimba kwa chitsulo. Akalakwitsa pang'ono, mudzakhala ndi chinthu chooneka ngati nangula koma chosakumba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati tingapangitse, tikamuyese kaye pamchenga wa m'madzi osaya, timukoke anthu asanu tione ngati akulowa.

Tcheni

Nangula samangidwa ku chingwe mwachindunji. Pakati pamakhala tcheni, ndipo ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba, kulemera kwake kumagonetsa mpini wa nangula pansi kuti azikokedwa chogona, monga khasu lija. Tcheni cha mamilimita 8 chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa mita iliyonse, ndiye mamita 10 ndi katundu ndithu. Yachiwiri, pansi pali miyala yakuthwa. Chingwe chikamakhuzika pamwala usiku wonse chimaduka, tcheni ayi.

Maboti akuluakulu amagwiritsa tcheni chokhachokha, koma amakhala ndi makina okokera. Ife tilibe makina, ndiponso kulemera kochuluka kumphuno kumamiza mutu wa boti pamafunde. Lamulo limene ndinaphunzira ndi loti tcheni chisachepere kutalika kwa boti lenilenilo. Kwa ife mamita 10 ali bwino. Chikhale chomatidwa zinki, cha mphete zazifupi zowotcherera bwino. Tcheni chomangira galu kapena geti musachiyerekeze. Mwayi wathu ndi woti madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye dzimbiri silithamanga ngati ku Beira kapena ku Nacala. Tikachisamala chidzatikhalitsa zaka.

Chingwe

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Chingwe cha buluu cha kumsika chija, chomangira katundu pa lole, chimayandama. Choyandama chimatukula nangula m'malo momugonetsa, chimakola injini za maboti odutsa, ndiponso dzuwa limachifumbutsa. Mukachipotokola mudzaona kafumbi kakutuluka, ndiye kuti chatha.

Chofunika ndi cha nayiloni, chopota patatu, cha mamilimita 12 kapena 14. Nayiloni imamira, komanso imatamuka ngati legeni. Kutamukako ndi kofunika zedi. Funde likatukula boti mwadzidzidzi, chingwe chimayamwa kugwedezako m'malo mokupereka konse kwa nangula. Mphepo ikakula kwambiri tcheni chimawongoka n'kukhala ngati ndodo, ndiye chotsala chofewetsa nkhonya za mafunde ndi nayiloniyo basi.

Wogulitsa aliyense adzakuuzani kuti chake ndi nayiloni. Musakangane naye. Pemphani kachidutswa, ponyani mu ndowa ya madzi, kakanikizeni kanyowe. Kakayandama, bwezani. Kakamira, kokani mamita angapo anthu awiri muone ngati chikutamuka, chifukwa palinso mtundu wina umene umamira koma sutamuka kwenikweni.

Masamu a kutalika kwa chingwe

Apa ndiye pamene ndinalakwa ine, ndiye tcherani khutu. Yezani kuya kwa madzi. Onjezani kutalika kochokera pamadzi kufika pamphuno ya boti pamene chingwe chimadutsa, kwa ife ndi pafupifupi mita imodzi. Zimene mwapezazo chulukitsani ndi 7 ngati mukugona ndi tcheni chachifupi ndi chingwe. Poima masana kuli bata, kuchulukitsa ndi 4 kapena 5 kukhoza kukwana. Nyengo ikaipa, tulutsani chonse chimene muli nacho.

Chitsanzo: madzi ndi mamita 5, kuphatikiza imodzi ndi 6, kuchulukitsa ndi 7 ndi mamita 42. Usiku wa ku Domwe uja madzi anali 6, kuphatikiza imodzi ndi 7, kuchulukitsa ndi 7 ndi 49. Akaputeni ananena 50. Ine ndinatulutsa 20, osafika ngakhale katatu. Mwaona?

Masamu omwewa akutiuza kuti tigule chingwe chotalika bwanji. Tcheni cha mamita 10 ndi chingwe cha mamita 50 zikupanga 60, ndiye kuti tikhoza kugona bwino pamadzi osapitirira mamita 7. Nyanja yathu kumpoto imafika mamita pafupifupi 700 kuya kwake, ndipo ngakhale kuno kufupi ndi zilumba pansi pamatsetsereka mofulumira. Nangula akakwekwereka pang'ono pamalo otere amagwera kwakuya n'kumangolendewera. Choncho funani malo athyathyathya.

Kumbukiraninso kuti boti limazungulira nangula wake monga mbuzi pachikhomo. Mukatulutsa mamita 42, yang'anani mbali zonse mamita 50: kodi pali mwala, boti lina, kapena ukonde wa munthu? Musangoyang'ana kumene boti lagonera panopa. Dzifunseni kuti mphepo ikatembenuka tidzakhala pati.

Choyezera madzi sichifuna ndalama. Kachitsulo kolemera pa kachingwe kokhala ndi mfundo pa mita iliyonse. Mukamata sopo kunsi kwake, kadzabwera ndi mchenga, matope, kapena kopanda kanthu ngati pansi pali thanthwe. Amalinyero akale ankatero ndi mafuta olimba. Komanso madzi athu ndi oyera. Masana mukhoza kuvala magalasi n'kubira kukaona ndi maso anu ngati nangula wakwiririka. Koma kufupi ndi mabango ndi mathiriro a mitsinje musayerekeze, kuli eni ake, ng'ona ndi mvuu.

Tizinthu ting'onoting'ono timene timataya boti

Nangula, tcheni ndi chingwe zimalumikizidwa ndi kachitsulo kokhala ndi bawuti, kamene amati shackle. Kakhale kolimba mofanana ndi tcheni, ndipo bawuti yake muimange ndi waya. Mafunde amaigwedeza usiku wonse mpaka imamasuka yokha. Nangula wa ndalama zambiri amatsala pansi chifukwa chosowa waya wa kwacha zochepa.

Pamene chingwe chimadutsa pamphuno ya boti, chivekeni kachidutswa ka paipi yothirira maluwa kapena nsanza ya jinzi, kuti chisadyeke. Chomangirapo chingwe m'boti chikhale ndi mabawuti odutsa thabwa mpaka kunsi, osati misomali. Ndayang'ana chathu, chikugwedera. Tisanapite kulikonse tichikonze.

Mapeto a chingwe amangidwe m'boti nthawi zonse. Zimachitika ndithu, munthu kuponya nangula n'kumangoonerera chingwe chonse chikutsatira mpaka mchira. Koma mumange moti mukhoza kumasula kapena kudula msanga. Pafupi pakhale mpeni ndi chigubu chopanda kanthu. Mukafunika kuthawa, mangani chigubu kumapetoko, tayani, mudzatola nyengo ikakhala bwino. Pamalo a miyala, mangani kachingwe kena kumutu kwa nangula ndi chigubu chake pamwamba, kuti akakanirira mumukoke chobwerera.

Kaponyedwe

Timati "kuponya nangula" koma saponyedwa. Mukamuponya pamodzi ndi mulu wa tcheni, tcheni chimamugwera pamwamba n'kumukulunga, sakumbanso. Lozetsani boti kumene kukuchokera mphepo, lidikireni liime, tsitsani nangula pang'onopang'ono mpaka mumve kuti wafika. Boti likamabwerera m'mbuyo, muzitulutsa chingwe pang'onopang'ono kuti chiyalike pansi mowongoka. Mukafika theka, gwirani pang'ono kuti msonga ilume. Kenako tulutsani chotsalacho n'kumanga.

Tsopano yesani. Ikani dzanja pachingwe kunja kwa mphuno. Nangula wogwira, chingwe chimakungika n'kukhala phee. Wokwekwereka, chimanjenjemera, mumamva gudugudu m'dzanja. Kenako pezani zinthu ziwiri kumtunda, chakumbali kwa boti, zimene zili pamzere umodzi, monga mtengo wa mlambe ndi nsonga ya phiri kumbuyo kwake. Zikayamba kutalikirana, mukuyenda. Usiku gwiritsani magetsi a kumtunda, osati nyali za asodzi a usipa, chifukwa nazonso zimayenda. Mafoni ena ali ndi GPS yolira boti likasuntha, ndi yothandiza, koma batire imatha. Tizigona mosinthana, wina akhale maso. Ndipo tiyatse nyali yoyera yooneka mbali zonse, kuti a maboti a injini asatigunde mumdima.

Pokoka, pindani mawondo, osati msana. Phazi lisalowe m'kati mwa chingwe chokulungidwa, ndipo zala zisayandikire pamene tcheni chikudutsa. Amene ali kumphuno avale jekete yoyandamitsa, ngakhale akhale katswiri wosambira.

Dziwani mphepo zathu

Nangula wabwino pamalo olakwika sathandiza. Tonse tikudziwa mwera, wochokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Umatha kuwomba masiku angapo osapuma, koma ubwino wake umadziwika kochokera, ndiye mumabisala kumpoto kwa chilumba kapena kwa phiri. Nyengo yotentha ndi ya dzinja kumabwera mpoto, ndiponso mphepo za mabingu zimene zimafika mwadzidzidzi kuchokera kulikonse. Malo amene anakubisani mu Julayi akhoza kukhala msampha mu Novembala. Musanagone gwirizanani kuti zikavuta tithawira kuti, ndipo thanga likhale lokonzeka kukwezedwa.

Kuno kulibe kukwera ndi kutsika kwa madzi kwa tsiku ndi tsiku ngati kunyanja zamchere, koma madzi amakwera m'nyengo ya mvula n'kumatsika mpaka chakumapeto kwa chaka. Mukukumbukira 2024 mmene analowera m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Mwala umene munkauona chaka china ukhoza kubisala pansi pang'ono chaka chinacho. Funsani asodzi a pamalopo, amadziwa mwala uliwonse ndi dzina lake.

Nyanjayi si yoseweretsa. Mu 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kumpoto, anthu oposa 140 anatsikira kulichete, ndipo inali sitima yachitsulo yatsopano. Ilala imene yakhala ikuyenda kuyambira 1951, m'malo ambiri opanda doko imaima patali pa nangula wake, anthu n'kumatsika ndi maboti ang'onoang'ono. Tsiku lina mukadzakwera, pitani chakutsogolo mukamve mmene tcheni chake chimalirira potsika, muonenso kuchuluka kwa chimene amatulutsa.

Chinanso, zilumba za ku Cape Maclear zili mu Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna zokhala m'miyala. Madzi oyandikana ndi zilumbazo ndi otetezedwa. Tisanapite tikaonane ndi a paki atiuze pololedwa kuima. Ndipo tizifuna pamchenga, ndi pomwe nangula amagwira bwino, komanso sitiwononga nyumba za nsomba.

Pempho langa

Ndikupempha kuti ndalama zatsalazi tizigwiritse motere. Choyamba, tcheni cha mamita 10 ndi chingwe cha nayiloni cha mamita 50, ndi zolumikizira zake. Chachiwiri, nangula wamkulu wa makilogalamu 10, wa pulawo kapena wa chikhatho. Tifunse kwa eni maboti ku Monkey Bay, ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay ngati alipo wakale amene sakumugwiritsa ntchito. Wakale alibe vuto bola mpini usakhale wopindika kapena wong'aluka. Chachitatu, wa zipsepse ziwiri ngati wachiwiri, ndi chingwe chakechake, womangiratu. Wa ngowe tipangitsa kwa owotcherera, ndi wotchipa. Ndalama zikapanda kukwana anangula awiri enieni, maganizo anga ndi oti tiziyenda masana okha n'kubwerera, mpaka zitakwana. Ulendo wokagona udikire.

Ndikudziwa kuti zikuwawa. Penti imaoneka pa zithunzi za pa Facebook, nangula amakhala pansi pa madzi pamene palibe angamujambule. Nanenso ndikufuna boti lowala. Koma makolo a ana a Fomu 1 aja adzasaina kalata yotilola kuwatenga chifukwa chotikhulupirira. Ine nkhope ya mayi uja atakumbatira mwana wake ndimaionabe.

Voti ili Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse. Tikatha kuvota tidzapita kugombe. Ndabwereka nangula kwa akaputeni anga aja, inde timalankhulanabe, ndipo tidzamukoka pamchenga ndi chingwe chachifupi kenako chachitali, kuti aliyense aone yekha kusiyana kwake. Atsikana, musatisiyire anyamata okha, aliyense wokwera boti lija ayenera kudziwa kutsitsa ndi kukoka. Amene muli ndi zitenje zakutha kunyumba bweretsani, tidule tinsalu toika pachingwe. Ndipo tsiku limene mudzatumidwe kutulutsa mpaka kachisanu, tulutsani mpaka kachisanu.